Momwe mungathandizire wodwala Parkinson kuyenda, kulankhula ndi kudya

Matenda a Parkinson amabwera pamene maselo a mu ubongo opanga dopamine, michere yothandiza ubongo kuwongolera kayendedwe ka thupi, akufa pang'onopang'ono, ndipo munthu amanjenjemera, thupi limauma, mayendedwe amachedwa. Mankhwala monga levodopa amachepetsa zizindikirozi, koma luso lodzuka pampando kapena lolankhula momveka limasungika poyeserera tsiku ndi tsiku. Pemphani dokotala akutumizeni ku mafizo, omwe amapezeka m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo kunyumba muzichita mafizowo pa nthawi imene mankhwala agwira bwino m'thupi.

Vuto loopsa kwambiri ndi la mapazi kukakamira pansi mwadzidzidzi, makamaka polowa pakhomo kapena potembenuka. Zikatero musamukoke dzanja wodwalayo, chifukwa thupi limapita kutsogolo mapazi atatsalira, ndipo umo ndi momwe ambiri amagwera. Muuzeni aime mowongoka, apume, atsamire mwendo umodzi, kenako aponye phazi lina patali inu mukunena mokweza kuti "kumanzere, kumanja" kapena mukuomba m'manja mofanana. Mizere yojambula pansi ndi choko kapena khala imathandizanso, pakuti ubongo umene ukulephera kuyambitsa kuyenda pawokha umatha kutsatira chinthu chooneka ndi maso. Potembenuka, azizungulira patali m'malo mopotoloka pamalo amodzi.

Mawu nawonso amatsika, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti mwiniwake amadzimva ngati akulankhula bwino. Njira ya LSVT LOUD, yomwe akatswiri a kalankhulidwe amagwiritsa ntchito pothandiza odwala Parkinson, imaphunzitsa kukweza mawu m'magawo 16 pa masabata 4. Kumene kulibe katswiri wa kalankhulidwe, kuwerenga nyuzipepala mokweza ndi kuimba kumathandiza.

Pakudya akhale mowongoka, azitema mbamu zing'onozing'ono, ndipo asafulumizidwe. Akamatsamwa kapena kukhosomola pomwa madzi, kauzeni achipatala msanga, popeza chakudya cholowera m'mapapo chimayambitsa chibayo. Funsaninso dokotala za nthawi yomwera levodopa, chifukwa kwa ena nyama, nsomba ndi nyemba zimachepetsa mphamvu yake zikadyedwa pamodzi ndi mankhwalawo.

M'nyumba chotsani mphasa m'njira, mupatseni mpando wautali wokhala ndi pogwira, ndipo zovala za mabatani zilowedwe m'malo ndi zalasitiki. Ngakhale achedwe motani, musiyeni azivala yekha, inu mukhale pafupi.