Kusamukira ku Halifax: kusankha nyumba ndi kukhazikika m'tauni yakale ya mafakitale

Halifax ya ku West Yorkshire, kumpoto kwa England, inakula ndi malonda a nsalu za ubweya wa nkhosa. Piece Hall, bwalo limene owomba nsalu ankagulitsiramo katundu wawo kuyambira mu 1779, lilipobe pakati pa tauni, ndipo fakitale ya makapeti ya Dean Clough, imene inatsekedwa mu 1982, lero muli maofesi. Wofuna nyumba aidziwe mbiri imeneyi, chifukwa nyumba zambiri zotsika mtengo ndi zomwe zija anamangira antchito a m'mafakitale zaka zoposa 100 zapitazo: za miyala, zogundizana mumzere, zomangidwa pamtsetse. Lendi yake ndi yotsikirapo kusiyana ndi ya ku Leeds kapena Manchester, koma mukasankha molakwika, ndalama imene mwapulumutsayo ithera pa gasi wotenthetsera nyumba.

Musanakopeke ndi zithunzi, yambani mwaona malo. Lembani postcode (nambala ya dera ya pa adiresi) ya nyumbayo pa tsamba la boma la gov.uk loonetsa madera amene madzi amasefukira. Mtsinje wa Calder unasefukira pa 26 Disembala 2015 ndiponso mu Febuluwale 2020, ndipo malo a m'chigwa monga Sowerby Bridge, Mytholmroyd ndi Hebden Bridge anavutika kwambiri. Kumtunda, monga ku Illingworth, vuto ndi mphepo yozizira ndi misewu yoterera m'nyengo yachisanu. Ngati mumagwira ntchito ya mashifiti, fufuzani nthawi ya basi yoyamba ndi yomaliza, makamaka Lamlungu.

Tsiku lokaona nyumba musachite manyazi. Makoma a nyumba zakalezi ndi a mwala wokhawokha, opanda mpata pakati ngati a nyumba zamakono, choncho amazizira msanga ndipo nthunzi ikawakhudza imasanduka madzi. Sunthani wadiropu ndi kukhudza khoma kuseri kwake. Yang'anani m'makona a mawindo ngati muli timadontho takuda ta nkhungu. Khoma limodzi lokha likakhala ndi penti yatsopano, funsani chifukwa chake. Nyumba zambiri zili ndi chipinda cha pansi pa nthaka: tsikiranimo, ndipo mukamva fungo la chinyontho kapena kuona mzere wa madzi pakhoma, dziwani kuti fungolo lidzakwera m'nyumba. Palinso nyumba zotchedwa back-to-back, zogundizana ndi zinzake mbali zitatu, zitseko ndi mawindo zili kutsogolo kokha. Zimasunga kutentha bwino, koma mpweya suyenda. Pemphani kuti ayatse boiler (makina otenthetsa madzi ofunditsa nyumba), mudikire mphindi khumi, kenako mugwire radiator (chitsulo cha pakhoma modutsa madzi otenthawo) ya m'chipinda chilichonse. Radiator yotentha pansi koma yozizira pamwamba ili ndi mpweya mkati, ndipo kukonza kwake n'kosavuta. Yozizira pansi kawirikawiri imakhala itadzaza matope, imeneyo ndi ntchito ya mwini nyumba.

Pa mapepala, onani zitatu: EPC (satifiketi yoonetsa mmene nyumba imasungira kutentha ndi kudya gasi ndi magetsi), imene imaika nyumba pa mlingo wa A mpaka G ndipo ya lendi siyenera kutsika kupitirira E, satifiketi ya gasi ya m'miyezi 12 yapitayi, ndi lipoti la mawaya a magetsi la m'zaka zisanu zapitazi. Dipoziti isapitirire lendi ya masabata asanu, ndipo mwini nyumba ayenera kuisungitsa ku limodzi mwa mabungwe ovomerezeka osunga madipoziti, DPS, TDS kapena MyDeposits, pasanathe masiku 30. Ndalama yogwirira nyumba musanasaine mgwirizano isapose lendi ya sabata imodzi. Wokuuzani kuti mutumize ndalama musanaone nyumba, musiyeni.

Mukangolandira makiyi, jambulani mamita a gasi ndi magetsi manambala akuoneka bwino, ndiponso banga lililonse pakapeti ndi pakhoma, mutumize kwa mwini nyumba pa imelo tsiku lomwelo. Apa ndi pamene ambiri amaluzira dipoziti potuluka. Pezani mpopi wotsekera madzi a nyumba yonse, umene kawirikawiri umakhala pansi pa sinki kapena m'chipinda cha pansi chija. Lembetsani Council Tax, msonkho umene wokhala m'nyumba amalipira, ku Calderdale Council, khonsolo ya deralo. Wamkulu wokhala yekha amamuchotsera 25 peresenti, ndipo mungapemphe kulipira m'miyezi 12 m'malo mwa 10. Madzi ndi a kampani ya Yorkshire Water. Kulembetsa kwa GP, dokotala wa m'dera amene mumayambira kumuona mukadwala, n'kwaulere.

Nkhondo yeniyeni ndi ya chinyontho, kuyambira Okutobala mpaka Malichi. Mphika wa nyemba wowira maola awiri osavindikira umadzaza nthunzi nyumba yonse, chimodzimodzi zovala zoyanika pa radiator. Vindikirani miphika, yatsani fani ya kukhitchini, tsekani chitseko pophika ndi posamba, ndipo tsegulani mawindo mphindi khumi m'mawa ngakhale kukuzizira. Kuzimitsiratu zotenthetsera nyumba tsiku lonse n'kuziyatsa mwamphamvu madzulo sikuthandiza, chifukwa mwala umachedwa kutentha. Ndi bwino nyumba izikhala pa madigiri 18 nthawi imene muli momwemo. Kachipangizo koyeza chinyezi n'kotchipa, ndipo kakamapitirira 60 peresenti masiku ambiri, gulani dehumidifier, makina ochotsa chinyezi mumpweya. Mipando italikire khoma lakunja masentimita angapo. Koma madzi olowa chifukwa cha denga kapena ngalande yothyoka si mlandu wanu: lembani kwa mwini nyumba, ndipo akanyalanyaza kadandauleni ku khonsolo.

Nyama, nsomba ndi ndiwo zamasamba mupeza ku Borough Market, msika wa denga umene unatsegulidwa mu 1896. Olemba ntchito akuluakulu ndi monga Lloyds Banking Group, fakitale ya Nestlé yopanga maswiti a Quality Street, ndi chipatala cha Calderdale Royal. Sitima imapita ku Bradford, Leeds ndi Manchester Victoria osasintha, ndipo woyenda tsiku ndi tsiku mkati mwa West Yorkshire ayerekeze mtengo wa MCard, khadi loyendera basi ndi sitima, ndi wa matikiti wamba asanagule wa mwezi.