Kuyenda pa Ngalawa ya Matanga Kumpoto kwa Labrador

Mukadutsa Nain, mudzi womaliza kumpoto kwa gombe la Labrador ku Canada, simudzapezanso sitolo, choncho longedzeranitu chakudya, dizilo ndi zipangizo zokonzera injini. Ulendowu umayenda bwino mu Ogasiti, madzi oundana atachepa panyanja.

Polowa ku Saglek kapena Nachvak, malo omwe nyanja imalowa kumtunda pakati pa mapiri, yendani masana ndiponso pang'onopang'ono, munthu mmodzi ataima kutsogolo kuti aziyang'ana miyala, chifukwa m'malo ena mapu sasonyeza kuya kwa madzi. Mukaponya nangula, tsitsani unyolo wotalika kasanu poyerekeza ndi kuyako, kenako kokani chambuyo ndi injini kuti mutsimikize kuti nangulayo wagwiradi, pakuti mphepo yotsika m'mapiri a Torngat imafika mwadzidzidzi, ngakhale pakati pa usiku. Kumtunda musatsike nokha, kuli zimbalangondo zoyera.