Galu akudontha magazi kumaliseche? Musathamangire kumupha

Eni agalu, tamverani kaye pang'ono. Tikamayenda m'midzi kubaya katemera wa chiwewe sipalephera munthu wondikokera pambali nkundinong'oneza kuti adokotala, galu wangayu akudontha magazi kumaliseche mwezi wachitatu uno. Ukasuzumira umapeza chotupa chofiira chooneka ngati kolifulawa, kungochikhudza magazi chuu. Ambiri amati ndi chindoko, ena amati anamulodza. Ayi ndithu, nthawi zambiri imakhala khansa, ife a vetenale timangoti TVT.

Khansa imeneyi ndiyachilendo chifukwa imapatsirana. Si kachilombo ayi, maselo enieni a chotupacho ndi amene amasamuka kuchoka pa galu uyu kukamera pa mnzake akamakwerana, ndipo pena imamera pamphuno kapena mkamwa chifukwa cha kununkhizana ndi kunyambitana kuja. Nchifukwa chake imachuluka kumene agalu amangoyenda mwawawa usiku onse. Munthu siimugwira, apa mtima ukhale mmalo. Kwa wamphongo chotupa chimabisala mkati mwa chikopa cha kumaliseche, mumangoona timadontho pakhonde pomwe anagona. Wamkazi nde amatipusitsa, timangoti ali pa nyengo yake, koma nyengo ija siipitirira masabata atatu, magazi akapitirira pamenepo dziwani kuti pali vuto.

Chimene chimandiwawa ine nchakuti agalu ambiri amaphedwa kapena kukatayidwa kutchire pomwe iyi ndi khansa yochizika bwinobwino. Mankhwala ake ndi vincristine, jakisoni wa mumtsempha kamodzi pa sabata, kawirikawiri masabata 4 mpaka 6, ndipo agalu ochuluka amachiliratu. Pofika jakisoni wachiwiri magazi amakhala atayamba kuleka, chotupa chikufota, nde apa mpamene anthu amalakwitsa, amati wachira basi nkusiya kubwera, kenako chija chimabwereranso ndalama zitapita kale. Malizitsani mpaka dokotala anene yekha kuti chatha. Galu atha kusanza kapena kukana chakudya tsiku limodzi awiri, mpatseni madzi, zikapitirira muimbireni dokotala.

Chonde musagule nkumabaya nokha kunyumba. Vincristine akaphonya mtsempha nkulowa mumnofu amaotcha, mwendo umachita chilonda choopsa. Musadulenso ndi lezala, ngakhale opaleshoni yeniyeni payokha chotupachi chimakonda kumeranso. Zothira oyilo wakuda, mchere kapena mankhwala a dibi pachilondapo nkumuzunza chabe galu.

Kwa aakazi kulinso khansa ina ya m'mawere, makamaka akamakalamba. Iyi siipatsirana ndipo jakisoni uja si mankhwala ake, imafuna opaleshoni kakadali kakang'ono. Pomusambitsa muzimupapasa mawere onse, mukamva kambulu kolimba ngati nyemba musadikire kuti kaphulike. Pafupifupi theka la zotupa za m'mawere mwa agalu zimakhala khansa yeniyeni, ndipo ikafika kumapapo pamakhala povuta. Wamkazi amene anatsekedwa kuti asabereke asanayambe nyengo yake yoyamba saidwala kawirikawiri.

Nde ngati wanu akudontha, mumangirireni kuyambira lero asakakwerane ndi ena, muyambire kwa alangizi a ziweto a kwanuko akulozereni dokotala amene ali ndi mankhwalawa. A ku Lilongwe mutha kufunsanso ku LSPCA, a ku Blantyre ku BSPCA, awa ndi mabungwe osamalira zinyama. Akachira mukambirane zomufula kapena kumutseka, asiye zoyendayenda usiku zija.