Kupirira Pamene M'bale Wanu Ali M'ndende ku Harare

M'bale wanu akatsekeredwa ku Chikurubi kapena ku Harare Remand Prison, yambani mwafunsa akuluakulu a ndende za masiku oonera akaidi ndi katundu amene amalola, kuopa kubwezedwa pachipata mutawononga kale ndalama ya kombi. Nyamulani chitupa chanu, sopo, ndiponso chakudya ngati alola. Mukaonana, muuzeni mmene ana akukhozera kusukulu, chifukwa tinkhani ta kunyumba timeneti ndi timene timamulimbitsa mtima. Ngati mulibe ndalama ya loya, pitani ku Legal Aid Directorate, nthambi ya boma imene imathandiza pa milandu anthu amene sangathe kulipira loya.

Ana musawanamize kuti bambo ali ku Joni. Ndi bwino amve zoona kwa inu mofatsa kusiyana ndi kuzimvera kwa anzawo. Inunso musadzitsekere m'nyumba ndi manyazi, pitirizani kusonkhana ndi anzanu akumpingo.