Khomani nokha shelefu yapanyumba, koma thabwa likhale louma

Ndikamayendera mabanja, chimene chimandiwawa mtima ndi kupeza ufa, mchere, mapoto ndi makope a ana zili mbwee pansi pakona imodzi. Mvula ikangoyamba mu Novembala, chinyontho chimalowa m'nyumba, thumba la ufa limachita nkhungu kunsi, makoswe nawo amapeza pobisala. Shelefu ya masitepe atatu imachotsa vutoli, ndipo simufunika kuchita kukhala kalipentala. Tsiku Loweruka limodzi likukwanirani.

Nkhani yonse yagona pa thabwa. Kwa woyamba kumene, ndimalangiza paini, uja timamudziwa wa ku Chikangawa, Dedza ndi kuphiri la Zomba. Ndi wofewa, sowo imadutsa mosavuta, msomali umalowa osapindika. Malaina nawo ndi abwino. Bulugamu ndi wolimba koma amang'aluka msanga, pomwe mbawa ndi mlombwa ndi zodula, zisiyireni amene akukhoma mipando yapabalaza.

Musagule thabwa laliwisi ngakhale mtengo wake utsike bwanji. Linyamuleni: laliwisi limalemera, limazizira m'manja, ndipo paini wotere amatuluka utomoni womata. Kenako ikani diso kumapeto kwa thabwa n'kuliyang'ana m'litali mwake ngati mukuloza chinthu patali. Likakhota kapena kupotoka mudzaona. Ndinaona shelefu ina yokhomedwa bwino ndithu, koma patangotha miyezi iwiri matabwa anauma n'kupindika ngati mbale, misomali inazuka, botolo la mafuta ophikira n'kugubuduka. Ngati mwagula kale laliwisi, lisanjikeni pamthunzi podutsa mphepo, muike timitengo pakati pa thabwa ndi linzake, mudikire masabata angapo. Padzuwa ayi, limang'ambika.

Zida ndi zochepa: sowo, hamala, tepi yoyezera, pensulo, sandipepa, ndi misomali ya mainchesi 2 ndi 3. Miyendo inayi ikhale ya thabwa la 2 by 2 (mainchesi 2 m'lifupi, 2 kukhuthala), yotalika masentimita 120. Masitepe akhale a 6 by 1 (mainchesi 6 m'lifupi, inchi imodzi kukhuthala), matabwa awiri kapena atatu ogundizana.

Yambani ndi mbali ziwiri. Gonekani miyendo iwiri pansi, muilumikize ndi timatabwa titatu tatifupi, ioneke ngati makwerero. Chitani chimodzimodzi ndi iwiri inayo, kenako imikani n'kukhomera masitepe pa timatabwa tija. Sitepe isapitirire masentimita 80 m'litali popanda chochirikiza pakati, apo ayi idzapindika ndi kulemera kwa katundu. Msomali wokhoma kumapeto kwa thabwa muyambe mwaubunthitsa nsonga ndi hamala pang'ono. Ukatero sung'amba thabwa.

Pali thabwa limodzi limene anthu ambiri amaliiwala: lopingasa kumbuyo, kuchokera pakona yakumwamba kufika pakona yapansi ya mbali inayo. Popanda limeneli shelefu imagwedera n'kupendekera mbali imodzi. Musanalikhome, yezani ndi chingwe kuchokera kona kufika kona, mbali zonse ziwiri. Zikafanana ndiye kuti shelefu yaima chilili.

Tsopano za chiswe, mdani wamkulu wa paini. Sitepe yapansi italikire masentimita 20 kuchokera pansi kuti tsache lizilowa ndipo muziona ngati chiswe chayamba kumanga njira zake zadothi. Miyendo isagunde dothi. Ikani panjerwa zootcha kapena pamiyala yafulati. Siyaninso mpata wolowa dzanja pakati pa shelefu ndi khoma. Ena amapaka oilo wakale wagalimoto. Kunsi kwa miyendo zingatheke, koma pamene pakhale chakudya musayerekeze, ufa umatenga fungo ndipo oiloyo ndi woipa m'thupi. Pamenepo pakani vanishi, muisiye panja mpaka fungo lithe.

Ngati khoma lanu ndi la zidina, musadalire msomali kuti unyamula shelefu yopachika, umazuka ndi dothi lomwe. Yoima payokha ndiyo yabwino. M'nyumba ya ana aang'ono, zolemera monga ndowa ya ufa ziikeni pansi, zopepuka pamwamba, ndipo mangani shelefuyo ndi waya kumtengo wa denga kuti mwana akakwerapo isamugwere. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 lisakwere pashelefu yotere. Limenelo likhomereni kathandala kakekake kafupi, ka matabwa okhuthala.