Musanaike nitrous oxide pa injini yosasinthidwa

Mpweya wa nitrous oxide suyaka pawokha. Ukatentha kufika pafupifupi madigiri 300 a Celsius umasweka n'kutulutsa okosijeni, ndipo okosijeniyo ndiye amathandiza injini kuwotcha petulo wochuluka. Ngozi yaikulu imabwera mpweyawu ukalowa popanda petulo wowonjezera, chifukwa kutentha kumakwera msanga mpaka kuboola pisitoni.

Musanagule chilichonse, yezetsani kompuresheni ya silinda iliyonse, ndipo onetsetsani kuti pampu ya petulo ikupopa mokwanira. Injini yotopa kale musaiyese n'komwe. Pa injini ya masilinda anayi yomwe sinasinthidwe, yambani ndi jeti (kabowo kopimira mpweyawu) yaing'ono yowonjezera mphamvu ya injini ndi mahosipawa osapitirira 50. Kwa ine, zida zimene zimathira petulo ndi nitrous pamodzi n'zabwinoko, pakuti sizidalira mainjekita a galimotoyo kuti apereke mafuta owonjezera.

Bwezani taimingi (nthawi imene mapulagi amayatsa moto) m'mbuyo pafupifupi madigiri 2 pa mahosipawa 50 alionse, ikani mapulagi ozizirako (otaya kutentha msanga), ndipo muzithira petulo wa octane yokwera (wosaphulika nthawi isanakwane). Ikaninso swichi yoti mpweyawu uzilowa pokhapokha mwaponda mafuta mpaka pansi komanso injini yadutsa 3000 rpm (kuzungulira ka 3000 pa mphindi), chifukwa kuutsegula injini ikuzungulira pang'onopang'ono kungabweze moto m'manifodi, njira yolowetsera mpweya mu injini, n'kuiphulitsa.

Botolo la nitrous limangidwe zolimba, ndipo presha yake ikhale pakati pa 900 ndi 950 psi. Musalitenthe ndi moto pofuna kukweza presha. Ngati lili mkati mwa galimoto, payipi ya valavu yotulutsira mpweya ilozedwe kunja.