Musanayambe kugawa Wi-Fi, konzani kaye izi pa MikroTik yanu

Anthu ambiri akagula rauta ya MikroTik amathamangira dzina la Wi-Fi ndi pasiwedi yake, intaneti ikangoyamba kuyenda basi akuti zatheka. Koma zomwe zimadzavuta patsogolo zimakhala ku menyu ya System, komwe ambiri salowako nkomwe.

Lumikizani kompyuta ndi kebo pa poti ya rauta yolembedwa ether2, osati ether1 chifukwa iyoyo ndi yolowera intaneti. Tsegulani WinBox, pulogalamu ya MikroTik yolowera mu rauta, adiresi ya rautayo ndi 192.168.88.1, dzina ndi admin. Marauta akale analibe pasiwedi, mumangosiya mopanda kanthu, koma atsopanowa imabwera pa sitika ya pansi pa rauta kapena pa kapepala ka m'bokosi. Mukalowa dinani Safe Mode pamwambapo musanakhudze chilichonse, ubwino wake ndi woti mukalakwitsa mpaka rauta n'kukutulutsani, imabweza yokha zomwe mwasinthazo.

Choyamba pasiwedi ya admin, ku System kenako Password. Iyi ndi yosiyana ndi ya Wi-Fi ija abale, ndipo isafanane, chifukwa ya Wi-Fi mupatsa makasitomala, ana a neba, aliyense. Bola mupangenso dzina lanulanu ku System, Users, muliike mu gulu la full, lomwe lili ndi mphamvu zonse, mulowe nalo kuti muone ngati likugwira, kenako muzimitse admin uja.

Ku System, Identity sinthani dzina. Zonse zimabwera zikutchedwa MikroTik, ndiye mukakhala nazo zitatu pa loji kapena pa ofesi simudziwa kuti mwalowa iti. Lembani za malo, monga ofesi-pansi, basi.

Tsopano nthawi, apa ndiye mundimvetsere. Marauta ambiri amenewa alibe batire yosunga wotchi, ndiye magetsi akazima nthawi imasokonekera, mwina munaonapo deti ya 1970 pa log, pomwe rauta imalemba zonse zochitika, n'kudabwa kuti zikutheka bwanji. Ndi kuzimazima kwa magetsi kwathu kuno si nkhani yaing'ono iyi, chifukwa nthawi ikalakwika chilichonse chomwe munachitchera pa ola lake chimachitika pa ola lina, mavocha a hotspot oyendera deti amatha kusokonekera makasitomala n'kuyamba kukangana nanu, ndipo tsiku lomwe mudzafune kuona kuti analowa ndani usiku wa dzulo, log yo sidzakuthandizani. Ku System, Clock sankhani Africa/Blantyre, a ku Zambia Africa/Lusaka, zonsezi ndi +02:00 ndipo sitisintha mawotchi chaka chonse ngati anzathu a ku UK. Musalembe nthawi pamanja n'kusiya pomwepo ai. Pitani ku System, NTP Client, pa vesheni 6 ya RouterOS, pulogalamu yoyendetsa rautayi, imalembedwa SNTP Client, chongani Enabled, pa seva lembani pool.ntp.org, kuti rauta ikangoyaka izikatenga yokha nthawi pa intaneti.

Ku IP, Services zimitsani telnet, ftp ndi api, zomwe ndi njira zina zolowera mu rauta, ngati simuzigwiritsa ntchito. WinBox imadutsa pa poti 8291, isiyeni yoyaka koma pa Available From lembani 192.168.88.0/24 kuti olowa akhale a mkati mokha. Mu 2018 panapezeka bowo pa WinBox lomwe akuba ankatengera mapasiwedi ali kutali, analitseka mu RouterOS 6.42.1, ndiye ngati mwagula rauta ya sekandi onani vesheni yake lero lomwe. Musanapange apudeti dinaninso Safe Mode kuti zosintha zija zikhazikike, apo ai rauta ikakutulutsani pa apudetiyo izibweza. Apudeti ili ku System, Packages, Check For Updates, koma chonde chitani magetsi ali okhazikika kapena rauta ili pa batire, isazime ili mkati.

Mukamaliza zonsezi, ku Files dinani Backup, fayiloyo ikokereni pa kompyuta, isakhale mu rauta mokha chifukwa rauta ikapsa ndi mphezi yapita nayo limodzi. Dziwaninso kuti bakapu imeneyi ndi yobwezera pa rauta yomweyo. Yoti mudzasamutsire pa ina, tsegulani New Terminal mulembe /export file=zanga, ituluka fayilo ya .rsc yomwe mutha kuiwerenga pa Notepad, iyonso isungeni pa fulashi.